Zimene Zinatsala pa Kompyuta Yachitatu

Mlandu uwu unandipeza Lachinayi m'mawa ndikudzola mankhwala m'maondo. Zaka makumi awiri ndi zisanu za upolisi zandisiyira maondo olira ngati chitseko chopanda mafuta, komanso mtima wosachedwa kutopa ndi anthu. Amene anagogoda pa ofesi yanga anali mtsikana woonda, wa zaka zosapitirira makumi awiri ndi zitatu, maso atatupa. Anati waberedwa. Nditafunsa chimene chabedwa, anati malo a sukulu.

Ndinatsala pang'ono kumubweza kwa anzanga a pa kauntala, chifukwa malo a sukulu si njinga yoti ungakaipeze kuseri kwa nyumba ya wakuba. Koma anakhala pampando osauzidwa, n'kuyamba kufotokoza mwadongosolo ngati munthu amene wabwera akuyeserera njira yonse. Koleji ya unamwino anailembera zaka zitatu zotsatizana, ndipo chaka chino inamutenga. Kolejiyo ili kutali, ulendo wa tsiku lathunthu pa basi. Mumsewu wawo anali atayamba kale kumutchula kuti Nesi, ndipo nanenso ndizimutchula choncho. Dzulo lake, Lachitatu, pa foni yake panalowa uthenga wonena kuti pempho lake losiya malo lalandiridwa. Iye sanapemphe chilichonse.

Ndinaimba ku kolejiko iye ali pomwepo. Mlembi wa kumeneko, bambo wolankhula ngati akuwerenga chikwangwani, anati fomu yosiya malo inadzazidwa pa intaneti Lachiwiri, itatsala pang'ono kukwana leveni koloko m'mawa. Wodzazayo analowa ndi pasiwedi ya mtsikanayo, mawu achinsinsi aja otsegulira tsamba lake, ndipo m'bokosi lofunsa chifukwa analembamo mawu awiri okha: "Ndasintha maganizo." Ndinafunsa ngati zingabwezedwe. Anati zingatheke ngati mwini wake atadzaza fomu ya apilo pa intaneti pomwepo, n'kuphatikizapo kalata ya apolisi ya chidindo yotsimikiza kuti anamudzazira ndi munthu wina. Zonsezi zifike isanakwane folo koloko Lachisanu, chifukwa ikangokwana malo apita kwa wotsatira pamzere. Anawonjezera, osafunsidwa n'komwe, kuti chaka chamawa satifiketi ya mtsikanayo idzakhala itapitirira zaka zimene koleji imalola.

Choncho tinali ndi tsiku limodzi ndi theka. Ine chidindo changa sindichidinda pa nkhani za m'maluwa, ndipo ndinamuuza mosabisa kuti kalata ituluka ndikaona umboni ndi maso angawa.

Ndinamufunsa amene ankadziwa pasiwediyo. Anati anthu awiri, iye mwini ndi mnyamata amene anali naye pachibwenzi, wometa tsitsi pafupi ndi depoti, amene anali pambali pake tsiku limene ankaipanga. Kulemba anailemba malo amodzi okha, mkati mwa chikuto cha buku lakuchipatala la bambo ake, poti m'nyumba mwawo ndilo pepala lokhalo limene silisowa. Chibwenzicho chinatha mwezi wathawo, ndipo sichinathe bwino.

"Anandiuza pamaso pa anthu, a Sajeni," anatero. "Anati, tione ngati upite."

*

Sindinayambire kwa wometayo. Ndaonapo ambiri odzicheka okha chala n'kuthamangira kupolisi, choncho ndinayamba ndi wodandaula mwini wake. Ndinkafuna kudziwa kumene anali Lachiwiri leveni koloko.

Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, kumapeto kwa mdadada wa nyumba za lendi. Fungo linandilonjera ndisanalowe, la sopo, la mafuta odzola, ndi lina lija limene sopo salimaliza. Pabalaza, pamene anthu ena amaika sofa, panali bedi lachitsulo, ndipo pabedipo panagona bambo awo. Anali dalaivala wa malole, chimunthu chamapewa otambalala. Matenda ofa ziwalo amene anawagwetsa zaka zisanu ndi zinayi zapitazo anawalanda miyendo, dzanja limodzi ndi lilime, koma kulemera anawasiyira. Mayi a anawo anamwalira kalekale. Pakhoma panali wotchi, ndipo pansi pake panali pepala la maola, lolembedwa mwaukhondo. Pamwamba pa kabati panali chinthu chovundikiridwa ndi nsalu, pambali pake satifiketi yofwifwa m'galasi losweka pakona.

Amene anandipatsa mpando anali mkulu wake wa Nesi, mayi wa zaka makumi atatu ndi kanthu, wamikono yolimba, woyenda dzanja lili m'chiuno. Ndiye analera mng'ono wakeyo. Mawu ake anali ochepa ndipo ankawatulutsa limodzilimodzi. Anati Lachiwiri Nesi sanachoke pakhomo kuyambira teni koloko mpaka masana, chifukwa Lachiwiri loyamba la mwezi mkuluyo amapita kuchipatala kukatenga mankhwala, ndipo bambo sasiyidwa okha. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene anali atasuzumira kale pazenera kawiri, sanafune kuitanidwa kachiwiri. Analumbira kuti nthawi imeneyo anamuona Nesi akuyanika zofunda, ndipo anakanganapo naye za chingwe. Ndinafunsanso bambowo ngati zili choncho. Anaphethira kamodzi, ndipo ana awo anati kumeneko ndiye kuvomera.

Tili mkati molankhula wotchi inakwana thwelofu koloko. Onse awiri anaimirira osayang'anana n'komwe. Wamkulu analowetsa mikono kunsi kwa mapewa a bambowo, wamng'ono kunsi kwa ntchafu, anawerenga mpaka katatu, n'kuwatembenuza kuti ayang'ane kukhoma. Amatero maola awiri alionse kuti msana usachite zilonda, ndipo pepala la pakhoma lija ndi la zimenezo. Ndinaona wamkuluyo akuluma mlomo poweramuka, koma ndinangoti ndi kutopa.

Ndinafunsa, mwa chidwi chabe, kuti Nesi akapita adzagwira kumiyendo ndani. Nesi anafulumira kuyankha kuti azakhali awo analonjeza kuti azibwera. Mkulu wake ankakonza pilo.

"Tidzaona," anatero. "Mwana apite kaye."

*

Wometa ndinamupeza akusesa tsitsi, wailesi ikulira ngati pali ukwati. Anali wa mtundu uja wa anyamata amene amayamba kuseka funso lisanathe. Atangoona yunifolomu anazimitsa wailesi n'kundipukutira mpando ndi malaya ake.

"A Sajeni, ine pakamwa pangapa ndi pamene padzandiphe," anatero. "Ndinanenadi, sindikukana. Munthu akakusiya umalankhula chilichonse. Koma kompyuta? Ine foni yomweyi ndimalemba ndi chala chimodzi, uthenga umodzi tiyi mpaka kuzizira."

Ndinamukumbutsa kuti ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo umakutsata. Anavomereza kuti mlomo wake wamutsatadi, koma phazi lake Lachiwiri linali kunja kwa tauni, ku sukulu ina yogonera komweko, kumene anameta mitu makumi anayi kuyambira eyiti koloko mpaka thu koloko. Ndinaimbira mphunzitsi woyang'anira ogonera ali pomwepo. Mphunzitsiyo anatsimikiza, n'kuwonjezera dandaulo lake lakuti ana awiri anachekedwa makutu. Za pasiwedi wometayo anati sakumbuka, poti ngakhale tsiku lobadwa la mayi ake amachita kufunsa.

Kenako anandiuza zimene sindinamufunse. Anati ankafuna kuti mtsikanayo asiye za sukulu akwatirane, koma tsopano akuthokoza kuti anakanidwa, chifukwa kukwatira m'nyumba imeneija ndi kukwatira ndi bedi lomwe. Ndinamuda pomwepo, ndipo sindibisa, ndinkafunitsitsa atakhala iyeyo. Milandu imapepuka wolakwa akakhala munthu woti sukumumvera chisoni. Koma mitu makumi anayi ndi mboni zambiri, ndipo ndinanyamuka maondo akulira.

Ndili pakhomo anandiitana. Anati ngati ndikufuna kompyuta ndisavutike kuzungulira tauni yonse. Nesi foni yake ndi ya mabatani, ndipo zonse za koleji ankachitira malo amodzi, pampando umodzi.

"Pitani kwa Mayi Musatseke," anatero. "Mukafunse kompyuta yachitatu."

*

Shopu ya Mayi Musatseke ili pakati pa sitolo ya nsapato ndi ya mankhwala, pamsewu wopita kuchipatala. Ndi kachipinda kotalika, kamdima, kotentha ngati uvuni. Kutsogolo kuli makompyuta anayi, ndipo kumbuyo, kuseri kwa katani, kuli makina a fotokope. Mwini wake ndi mayi wonenepa wa magalasi omangirira ndi ulusi, amene ukamufunsa nthawi amayambira kukuuza kumene anagula wotchi.

Dzina limenelo anamupatsa ndi makasitomala. Zaka zapitazo mphunzitsi wina anakhala maola atatu akudzaza fomu ya ntchito, anangotuluka kukamwa madzi, wobwera pambuyo pake n'kutseka tsambalo. Mphunzitsiyo analira ngati pamaliro, ndipo ntchito inamudutsa. Kuyambira tsiku limenelo lamulo la m'shopumo ndi limodzi, lolembedwa pakhoma ndiponso lonenedwa kwa aliyense wolowa: tsamba limene walipeza usatseke, tsegula lako pambali. Kompyuta yachitatu ndiye inachita kunyanya. Batani lake loyatsira linafa, ikazima mpaka kuitana wokonza, choncho anailumikiza ku batire ndipo sinazimepo chiyambire mwezi wathawo.

Za Lachiwiri anati sanaone munthu. Anali kuseri kwa katani m'mawa wonse, akuchita fotokope mayeso a sukulu ina, ndipo makinawo amatafuna pepala ukangowachotsera diso. Anamva munthu akulowa n'kukhala pa yachitatu, ndipo iye anangofuula lamulo lake osatembenuka.

"Koma makutu anga anaona, a Sajeni," anatero. "Anthu a kuno amatayipa ngati nkhuku ikutola chimanga. Uyu ayi. Zala zonse khumi, ngati mvula pa malata, mphindi khumi ndi zisanu osapuma. Ndinati lero kwabwera munthu wa sukulu yake. Kenako zii. Kenako ndinamva akumina. Anagogodanso pang'ono, kawiri katatu, basi. Pamene ndinkatuluka, mpando unali wokha."

Ndinamufunsa ngati Nesi amatayipa choncho. Anaseka mpaka magalasi kutsetsereka. Anati Nesi ndi wa zala ziwiri, ndipo chachiwiricho chimangoperekeza.

Tinakhala pa kompyuta yachitatu. Pamwamba pa sikirini panali timasamba tothithikana tosawerengeka, ta ofuna ntchito, ofuna mapasipoti, ndi wina wofuna mkazi. Mayiyo anatsegula kamodzikamodzi, akung'ung'udza mayina a eni ake, mpaka tinafika pa tsamba la chizindikiro cha koleji. Linali ndi mzere umodzi wothokoza kuti pempho lalandiridwa. Dzina panalibe, nambala panalibe. Ndinausa moyo, ndikuganiza kuti ndapsa ndi kutentha pachabe.

Mayi Musatseke sanagwedezeke. Anati anthu amaganiza kuti akadina batani lotumizira, zimene analemba zapita ngati madzi otayika. Masamba ena amafufutadi, ndipo ndi amene amaliza anthu m'shopu mwake. Koma ena, monga la kolejili, amasunga zimene unalemba m'mabokosi, ndipo ukabwerera m'mbuyo umazipeza zili momwemo. Pasiwedi yokha ndi imene sitsala. Anandilozera kamuvi koloza kumanzere, pakona ya pamwamba, n'kudina kamodzi.

Fomu inabwerera. M'bokosi la chifukwa munali mawu awiri aja, "Ndasintha maganizo." Koma pamwamba pa bokosilo panali mzere wofiira umene mlembi wa ku koleji sanaunene, wakuti mawu achuluka, chifukwa chisapitirire zilembo mazana awiri. Tinayang'anana. Mawu awiri sangachuluke, ndipo mawu awiri satenga mphindi khumi ndi zisanu.

"Ndiye kuti anayamba walemba zina, tsamba n'kumubweza," anatero mayiyo, mawu atatsika. "Ndidinenso?"

Ndinamuuza kuti adine.

*

Bokosi lomwe lija linabwera litadzaza mpaka pansi. Ndinawerenga ndekha, kenako ndinapempha kuti zisindikizidwe papepala. Ndikulemba pano monga zinalili.

"Ine ndikusiya malo anga chifukwa bambo anga akudwala. Kuwatembenuza kumafuna anthu awiri, wina kumapewa wina kumiyendo, maola awiri alionse. Munthu mmodzi sangathe. Azakhali sabwera, zaka zisanu ndi zinayi abwerapo kawiri. Ndinawanyamula ndekha zaka zinayi iye ali wamng'ono ndipo msana unatha pamenepo. Adokotala anandiuza kuti ndikapitiriza kunyamula ndekha ndidzagona pambali pawo, ndiye adzatitembenuza ndani tonse awiri. Sindinamuuze. Ndinamuchapira yunifolomu kuyambira sitandade wani ndipo tsiku limene anamutenga ndinavina pabwalo anthu akuona. Sindikumuda mng'ono wanga. Inenso ndinali ndi desiki langa pa ofesi ndipo palibe anandifunsa ngati ndikufuna kulisiya. Ndikungoopa basi. Chonde musamuuze."

Wolembayo anayamba ngati Nesi, koma pofika mzere wachinayi anali ataiwala kuti akunamizira munthu. Mayi Musatseke anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali.

Ine ndinadzikwiyira. Zonse ndinauzidwa m'mawa womwewo. Pasiwedi inali m'buku lakuchipatala, ndipo buku limenelo limatuluka m'nyumba tsiku limodzi pamwezi, m'chikwama cha munthu wokatenga mankhwala. Shopu ili panjira ya kuchipatala. Ndinafunsa kumene aliyense anali Lachiwiri, kupatula munthu amene anandiuza yekha kuti sanali pakhomo. Ndinamudumpha chifukwa anandipatsa mpando ndipo ankaoneka wotopa.

Ndinadzera ku ofesi n'kulemba kalata ya koleji. Ndinalemba kuti apolisi atsimikiza kuti fomu inadzazidwa ndi munthu wina, wodziwika kwa apolisi, mwini malo asakudziwa. Dzina sindinalembe, poti mlembi uja sanapemphe dzina. Ndinadinda chidindo, ndinaika kalatayo m'thumba limodzi, pepala la ku shopu m'thumba lina, n'kuuyamba ulendo wa ku mdadada uja. Pa milandu yonse imene ndaimaliza tsiku limodzi, uwu wokha ndi umene sindinaunyadire.

*

Mkulu wake wa Nesi ndinamupeza panja akuchapa zofunda, atagwada, poti kuwerama sankatha. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kumufunsa chimene chili pansi pa nsalu pamwamba pa kabati. Anati ndi makina otayipira. Anaphunzira za usekilitale, anakhoza nambala wani, ndipo anagwira ntchito kwa loya wina miyezi inayi bambo asanagwe.

Ndinatulutsa pepala lija n'kumuonetsa. Sanalilandire, manja ake anali a thovu. Anangowerenga mzere woyamba n'kubweza maso m'beseni.

"Mawu ofiira atabwera, bokosi linali lopanda kanthu," anatero. "Ndinayesa zafufutika. Ndinathokoza Mulungu kuti zafufutika."

Ndinamuuza kuti zinangobisala kumbuyo. Anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene sagula. Anati sanachoke pakhomo ndi maganizo amenewo. Tsiku limenelo kuchipatala anaonana ndi dokotala za msana wake, ndipo atatuluka anakhala pabenchi n'kutsegula buku la bambo kuti aone mankhwala. Maso anagwera pa chikuto. Kuchokera pabenchipo mpaka pampando wa m'shopu sakumbuka kuti anayenda bwanji. Usiku wake anafuna kuulula, m'mawa mwake anafunanso, koma uthenga utalowa pa foni n'kuona mmene mwanayo analirira, pakamwa panauma. Atamva kuti akuganizira wometa, anangokhala chete.

Sitinamve kuti Nesi waima pakhomo. Anatambasula dzanja, ndipo ndinamupatsa pepalalo, chifukwa mlandu unali wake. Anawerenga ataimirira, anawerenganso atakhala pakhonde. Ndinkayembekeza kukuwa, mwina ndi mbama, ndipo ndinali nditakonzeka kulowa pakati. Iye anadzuka, anapita kumbuyo kwa mkulu wake n'kukweza bulauzi. M'chiuno monse munali mokulungidwa ndi mphira wa chubu cha galimoto, womangidwa zolimba mpaka khungu kuchita mizere yakuda.

"Kuyambira liti, achemwali?"

"Chaka chachitatu chino."

"Ine ndikugona nanu chipinda chimodzi?"

"Ndimamanga iwe usanadzuke."

Ndinawafotokozera za lamulo mwachidule. Kudzionetsa ngati munthu wina ndi mlandu, koma ngati wodandaula safuna kuupitiriza, ine ndilibe njala yotsekera munthu m'chitokosi n'kusiya wodwala akuola pabedi. Ndinatulutsa kalata ya chidindo n'kumupatsa Nesi. Ndinamuuza kuti malo ake ali m'manja mwake, angopita kwa Mayi Musatseke mawa isanakwane folo koloko, adzaze apilo, atumize.

Mkulu wake anapukuta manja pa siketi. Sanalire, ndipo zikanakhala bwino akanalira.

"Pita," anatero. "Ndinalakwa, mng'ono wanga. Pita, ndidzaona chochita."

M'nyumba munamveka kubuula, ndipo tonse tinakumbuka kuti chitseko chinali chotsegula nthawi yonseyi. Bambowo makutu awo ndi abwinobwino. Tinawapeza misozi ikutsikira m'khutu, akuphethira kambirimbiri motsatizana, ndipo kuphethira kumeneko panalibe mwana amene ankadziwa tanthauzo lake. Wotchi inali itakwana folo koloko. Wamkulu anapita kumapewa, wamng'ono anaika kalata pansi pa buku lakuchipatala n'kupita kumiyendo, ndipo anawerenga mpaka katatu.

*

Lachisanu ndinatanganidwa ndi mlandu wa mbava za mawaya, koma mtima unali kwina. Itakwana fili koloko ndinaimba foni ya Nesi, sinayankhidwe. Ndinadziuza kuti mwina ali pa kompyuta. Ndinamaliza za mawaya mothamanga, ndipo ndinafika pa shopu ija folo koloko itapitirira ndi mphindi makumi awiri.

Mayi Musatseke anali atakhala pa mpando wa makasitomala, makina a fotokope ali zii. Anati mtsikanayo anabwera hafu pasiti thu, atavala bwino, kalata ili mu envulopu. Anaijambulitsa, anailowetsa mu fomu, anadzaza mabokosi onse ndi zala zake ziwiri zija osalakwitsa ngakhale chilembo. Atamaliza anaika manja pamiyendo n'kumangoyang'ana sikirini. Mayiyo anamukumbutsa nthawi kawiri. Anthu ena anafuna mpandowo, iye anawabweza. Itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane folo, Nesi anayang'ana wotchi ya pakhoma n'kuimirira. Anati nthawi yotembenuza bambo yayandikira, ndipo achemwali ake ali okha.

Ndinamufunsa mayiyo, mokalipa ndithu, chifukwa chimene sanadinire yekha batanilo, poti zonse zinali zokonzeka ndipo iye anali pomwepo.

"Chala ndinachiika, a Sajeni," anatero. "Mpaka folo koloko chinali pomwepo. Koma mwana uja, munthu wina anamudinira kale kamodzi."

Ndinakhala pa kompyuta yachitatu. Fomu ya apilo inali momwemo, yodzaza bwino, dzina, nambala, tsiku lobadwa, kalata yanga ndi chidindo changa. Pansi pake batani lotumizira linali likudikirabe. M'bokosi lofunsa chifukwa cha apilo munali mawu awiri okha: "Sindinasinthe maganizo."

Foni yanga inalira. Anali mlembi wa ku koleji, ndi mawu ake a pachikwangwani aja, kundidziwitsa kuti sanalandire kanthu ndipo malo aperekedwa kwa wotsatira. Ndinamuthokoza, sindikudziwa chifukwa chake.

Panja panali munthu wofuna kompyuta, ndipo zina zitatuzo zinali ndi anthu. Mayi Musatseke anagwira mausi, anayendetsa kamuvi mpaka pa kamtanda kotsekera tsamba, n'kuima pomwepo. Kenako anachotsa dzanja. Anamuuza munthuyo kuti yachitatu yawonongeka, abwere mawa. Anapita kuseri kwa katani, anabwera ndi nsalu, n'kuvundikira sikiriniyo fomu ili chiyakire.